Kugwadira Wamoyo Kawiri

Kwawo ku Yeongju ankadziwa kuti Pyo Nari amafufuza za mafupa. Anawauza choncho ndi iye mwini, chaka chimene anayamba ntchito pa labu ina ku Daejeon, ndipo silinali bodza lenileni, chifukwa m'mafupa ndi mmene nkhaniyo inkathera. Kumene inkayambira ndi kumene sankatchula. Inkayambira pa kachiwalo kotchedwa pulositeti, kokhala pansi pa chikhodzodzo cha chamoyo chachimuna, ndipo mwana wamkazi wa mlimi wa maapozi sangakhale pachakudya ndi bambo ake n'kumafotokoza kuti tsiku lonse amakhalira kugwiragwira makoswe aamuna kumunsi kwa mimba.

Ntchitoyo ankaidziwa bwino. Ankatenga maselo a khansa ya pulositeti, okonzedwa kuti aziwala mumdima, n'kuwabaya mwa makoswe. Kenako ankadikira. Pakapita masiku ankagoneka khoswe ndi mankhwala, kumuika m'bokosi lamdima lokhala ndi kamera, n'kuona pa kompyuta pamene kuwalako kwafika. Poyamba kankakhala kadontho kamodzi m'chiuno. Kenako timadontho tina tinkatulukira m'malo a mwanabere, mwa ena m'mapapo. Koma amene Nari ankawalondola ndi mtima wonse anali opita kumsana. Kuchokera m'chiuno kukwera m'mbali mwa msana kuli mitsempha yopanda zotsekera, moti magazi amatha kubwerera kumene achokera. Maselo amakwera nawo, n'kutsikira m'fupa, n'kumanga mudzi pamenepo. Khoswe amayamba ndi ulesi woimirira ndi miyendo yam'mbuyo kuti afikire botolo la madzi. Pambuyo pake mwendo umodzi umayamba kutsalira.

M'mawa wa tsiku lonyamuka kupita kutchuthi cha chaka chatsopano, analowa kaye m'chipinda cha makoswe chikwama chili kumsana. Anapeza Seok Jinu, mnzake wa pantchito amene maere anamugwera kuti atsale, atawerama pa khola lina.

"Uyu wakhala pakona chidzulo," anatero Jinu. "Taona wakumanzerewo."

Nari anagogoda khola ndi chala. Khoswe anayenda kubwera kwa iye, miyendo itatu ikugwira ntchito, wachinayi ukubwera pambuyo ngati wosaitanidwa. Lamulo la palabupo linali lodziwika: akafika pamenepa sadikiranso.

"Ndimugoneka ndisanapite."

"Pita iwe, basi ikusiya. Kadye msuzi wa chaka chatsopano uja amati umawonjezera munthu chaka, ukalambe. Ndithana naye ndekha." Jinu anavala magolovesi. "Azakhali ako aja akakufunsa za mwamuna, ukawauze kuti wapeza. Ndi wofatsa, sadya zambiri, vuto ndi mchira basi."

Bambo ake, a Pyo Mansik, anadzamutenga padepoti ndi kalole kawo konyamulira maapozi. Zaka zonse ankatsika, kumulanda chikwama, n'kudandaula kuti mwana uyu amanyamula miyala. Ulendo uno anangokankha chitseko ali chikhalire. M'galimotomo munkanunkha mankhwala omata pamsana, fungo lolasa m'mphuno.

"Ndi makwerero," anatero asanafunsidwe. "Usayambe."

"Sindinanene kanthu, Bambo."

"Mphuno yako yanena."

Kuchokera padepoti kufika kumunda si patali, munthu samaliza n'komwe kapu ya khofi. Koma a Pyo anaima pomwetsera mafuta, thanki ili yodzaza, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Anakhalitsako. Atadutsa mlatho anaimanso, akuti akamange chingwe cha kumbuyo, kumbuyoko kulibe katundu. Nari anayang'ana kutsogolo monga amachitira mwana woleredwa bwino. Koma galasi lam'mbali linali pomwepo, ndipo anawaona akutuluka m'tchire, dzanja lili pachiuno chakumanzere, mwendo wa mbali yomweyo akuuponda monyengerera ngati wobwereka.

Anadzida chifukwa cha changu chimene maso ake anagwirira ntchito. Sanaone bambo ake. Anaona zizindikiro zitafola bwinobwino monga zimafolera pa kompyuta. Mwina unali msana wa makwerero basi, ndi chikhodzodzo cha munthu wamkulu. Amuna ambiri a msinkhu umenewo amavutika choncho popanda khansa. Koma ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, munthuyo amafunika kuyezedwa magazi ndi kujambulidwa mafupa, msanga. A Pyo sanali munthu wopita kuchipatala osakankhidwa, ndipo chimwalirire amayi ake a Nari panalibe wowakankha. Wina anayenera kuwafunsa mmene akukodzera.

Bambo ake atakwera m'galimoto, Nari anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Mitengo mwayamba kudulira?"

"Pang'onopang'ono," anayankha iwo, n'kuliza galimoto.

Kunyumba anapeza azakhali ake, a Sundeok, mlongo wa bambo ake, atakhala pansi kukhitchini pakati pa mbale ndi mabeseni. Ankakazinga tizidutswa ta nsomba ndi ta maungu toviika m'mazira, zokaika patebulo la makolo m'mawa mwake.

"Afika adokotala a mafupa. Vula jekete, samba m'manja, usambitse, sindikudziwa zimene umagwira kumeneko. Bwera udzatembenuze izi. Kapena digiri siitembenuza nsomba?"

Nari anakhala pansi n'kutenga timitengo totembenuzira.

"Mwamuna?"

"Palibe, Azakhali."

"Ngakhale wogwiritsidwapo kale ntchito?"

"Ngakhale ameneyo."

"Mwana wa a Bang ogulitsa feteleza banja lake latha. Ali ndi dazi, koma ndi dazi laulemu."

Anapitiriza kukazinga. Mafuta ankathetheka. Kunja a Pyo ankamveka akukhosomola pafupi ndi nyumba yosungiramo maapozi.

"Msanawu wayamba liti?" anafunsa Nari.

"Nthawi yothyola. Ndinawatumiza kwa sing'anga wobaya masingano uja wa kumsika. Apita, abayidwa, akuti bolaniko."

"Nanga zina?"

"Zina ziti?"

Nari anatembenuza kansomba kamene anali atakatembenuza kale. Azakhali anamuyang'ana cham'mbali, kenako anatsitsa mawu.

"Ngati ukunena za mphika wamkuwa uja wa agogo ako, umene amayi ako anadzalamo maluwa, maluwawo anachotsedwa. Mphikawo uli kuchipinda kwawo, wabwerera pa ntchito yake yakale ya usiku. Ine sindinauone. Iwenso sunauone. Ndi mlongo wanga amene uja, si mwamuna wanga."

Madzulo kunafika Gyutae, mchimwene wake wa Nari, wowotcherera zombo ku Ulsan, ndi mkazi wake ndi kamtsikana kawo. Nari anamudikira mpaka atatuluka kukasuta kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mawa masana mupite nawo Bambo kosambira kwa amuna. Mukawakhule kumsana, kenako mukawafunse."

"Ndikawafunse chiyani?"

"Mukudziwa. Za kuchimbudzi. Ngati zikutuluka bwino, ngati muli magazi."

Gyutae anatsamwa ndi utsi.

"Iwe, ndikhale m'madzi otentha ndi Bambo, tonse tili mbulanda, ndiyambe nkhani imeneyo? Andimiza momwemo."

"Ndinu mwamuna mnzawo."

"Ndiwe unaphunzira. Tinakutumiza kusukulu kuti zovuta uzitinenera ndiwe." Anaseka, koma kusekako kunatha msanga. Anayang'ana nsonga ya ndudu. "Ndi zoopsa?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake afunika kuyezedwa."

"Ndiye tilowe kaye m'chaka. Usawononge tsiku. Tikadya tidzaona."

M'mawa wa tsiku loyamba la chaka anayala tebulo la makolo pabalaza. Zithunzi za agogo ziwiri, ndi cha amayi ake a Nari kumapeto, atavala chipewa chawo cha kumunda chifukwa chithunzi china chabwino chinalibe. Anaika maapozi osankhidwa, odulidwa pamwamba, nsomba youma, zokazinga zija, ndi mbale za msuzi wa timikate ta mpunga, ukufuka nthunzi. A Pyo anavala suti yawo yakuda. Inkawakwana pamaliro a akazi awo, tsopano mapewa ake anali ataposa a mwini wake.

Anayatsa lubani, kuthira mowa wa mpunga m'tikapu, n'kugwada. Onse anagwada pambuyo pawo, mphumi pa manja, kudzuka, kugwadanso, monga amalonjeredwera akufa. Nari anali kumbuyo kwenikweni kwa bambo ake. Poweramira koyamba anaona kuti podzuka agwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo mowa unagwedezeka m'tikapu. Kachiwiri anadzuka ndi mwendo wakumanja wokha, milomo atailuma. Pa nsalu yakuda ya jekete lawo Nari ankangoona timadontho towala, m'chiuno, kukwera. Anatseka maso, timadontho tinawala kwambiri.

Mwambo wa akufa utatha, anakankhira tebulo kukhoma n'kuyala mapilo awiri kutsogolo kwake. Inali nthawi ya amoyo. A Pyo ndi a Sundeok anakhala pamapilopo kuti ana awagwadire ndi kulandira mawu a madalitso a chaka. Anayamba Gyutae ndi mkazi wake, anagwada kamodzi, n'kuuzidwa kuti chaka chino asamale thanzi ndipo asiye fodya. Kamtsikana kanagwada mpaka kugubuduzika, onse anaseka.

"Tsopano wopanda mnzake," anatero azakhali.

Nari anaimirira pakati pa balaza yekha. Anakweza manja kufika pamphumi, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mphumi inakhudza manja pansi pofunda. M'kamdima ka pakati pa mikono yake ankabwereza mawu amene anagona nawo: Bambo, pali nkhani, Bambo, tchuthi chikatha tipite. Anadzuka. Kutsogolo kwake kunali nkhope ya bambo ake, masaya atalowa, ndipo pamwamba pa phewa lawo panali nkhope ya amayi ake m'chipewa cha kumunda. Lubani anali asanazime. Utsi unkadutsa pa nkhope zonse ziwiri mofanana.

Mawondo ake anapindikanso okha.

Anazindikira mphumi itafika kale pa manja. Pabalaza panali zii, moti ankamva msuzi ukuwira kukhitchini. Analakalaka pansipo patatseguka. Kudzuka kunali kovuta kuposa kukhala choweramira, choncho anakhala choweramira, ndipo zimenezi zinangotalikitsa kugwadako.

"Amayi," kanatero kamtsikana monong'ona, kunong'ona kwa ana komveka mpaka kumsewu, "kawiri si kwa anthu akufa? Agogo sanafe."

Mayi ake anakatseka pakamwa.

"Dzuka," anatero azakhali, mawu ali pansi. "Pa tsiku loyamba la chaka. Pamaso pa amayi ako. Ndi zimene mumaphunzira kumeneko?"

Nari anadzuka. Nkhope inkamutentha mpaka m'makutu. Gyutae ankayang'ana masokosi ake.

"Musiyeni," anatero a Pyo. Ankamwetulira, koma maso ali pakhoma. "Mwanayu ndi wakhama. Wayamba kale ntchito ya chaka chamawa."

Palibe anaseka. Mawu a madalitso a Nari sananenedwe, ndipo palibe anakumbutsa. Anakhala pansi kudya msuzi. A Pyo anadya theka, anaika supuni, anavula jekete n'kuvala chijasi cha kumunda. Anatenga macheka pakhonde n'kutuluka, pa tsiku limene ngakhale mlimi wosamva sagwira chitsulo.

Nari anathawira kotsuka mbale. Anatsuka mbale imodzi nthawi yaitali mpaka azakhali anadzamulanda.

"Ufufuta maluwa a pambalepo. Pita ukapepese. Ndi pakamwa, mawondowo atikwana."

Munda unali kuseri kwa nyumba, kukwera kaphiri. Mitengo inali mbulanda, chipale chitatsalira m'mizere kumene dzuwa silifika. Anawapeza pamzere wachitatu kuchokera kumpanda, akucheka nthambi yofika m'chifuwa. Nari anayang'ana mitengo imene anali atadutsamo. Nthambi zam'munsi zinali zoduliridwa bwino, zam'mwamba zili chiimire, zitatumphuka ngati tsitsi la munthu wongodzuka. Makwerero anali gone m'mbali mwa mpanda, masamba a chaka chatha ataundana pakati pake. Sanakwerepo munthu chiyambire chisanu.

"Bambo, ndalakwa. Maganizo anali kwina."

"Anali konkuno." Sanatembenuke. "Kuyambira padepoti wakhala ukundiyang'ana ngati wogula amene akufunafuna polowera mbozi."

Nthambi inagwa. Anaikankhira pambali ndi phazi lakumanja.

"Makoswe akowo si a mafupa."

Nari anayang'ana nthambi imene inagwayo.

"Gyutae anandiuza kalekale, ataledzera paukwati wa msuweni wako. Anaseka mpaka misozi. Ine ndinangoti ntchito ndi ntchito. Ukati mafupa, inenso ndimati mafupa. Anzanga kumsika amadziwa kuti mwana wanga ndi wa mafupa." Anapukuta macheka pa thalauza. "Amayamba bwanji?"

"Ndani?"

"Makoswewo."

Nari anayang'ana khungwa la mtengo umene unali pafupi naye. Za makoswe akanatha kulankhula. Anazilankhulapo pamaso pa maprofesa, atavala nsapato zopweteka, mawu osanjenjemera.

"Poyamba saonetsa kanthu. Amadya, amasewera. Kenako amasiya kuimirira."

"Kenako mwendo."

"Ena. Si onse."

"Akafika pokoka mwendo mumatani nawo?"

Bodza linali pafupi, lofewa, ndipo bambo ake akanalilandira mwaulemu monga analandirira la mafupa.

"Timawagoneka."

"Sadzukanso."

"Sadzukanso."

A Pyo anagwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa katundu umene ankauyembekezera. Anaika macheka pa nthambi ina.

"Ndiye usavutike ndi zimene mwapangana ndi azakhali ako kukhitchini, kapena ndi mchimwene wako kuseri kwa nyumba. Makoma a nyumba ino ndinamanga ndine, ndikudziwa kupyapyala kwake. Chipatala n'chachiyani? Ndikavule thalauza pamaso pa atsikana a msinkhu wako, akandipise zala, kuti akandiuze zimene mwana wanga wandiuza kale pabalaza? Wodziwa waona. Ndamva."

Apa ndi pamene Nari anamvetsa kukula kwa chimene anachita. Ankaganiza kuti wanyoza mwambo ndi kuchititsa manyazi banja. Koma bambo ake sanakutenge kugwadako ngati chipongwe. Anakutenga ngati zotsatira za kuyeza.

"Si choncho, Bambo. Makoswe aja timachita kuwasankhira khansa yolusa kwambiri, kuti zonse zichitike msanga tione. Timawabaya tokha. Ndipo si onse amene timawapatsa mankhwala, chifukwa ena timafuna kuona mmene matenda amayendera akasiyidwa. Mwa makoswe zimathamanga. Mwa makoswe mitsempha ija ya kumsana..."

Anadzimva yekha. Makoswe, makoswe. Bambo ake ankamvetsera mwaulemu, mutu uli chopendekeka, monga amamvetserera mlangizi wa zaulimi wonena za mitengo ya kudera lina. Sizinkawakhudza. 

"Mwa anthu nthawi zambiri imayenda pang'onopang'ono. Ndipo imadalira mphamvu yachimuna ya m'magazi, ndicho chakudya chake. Mukaichotsa mphamvuyo, khansa imafooka, ngakhale itafika kale m'mafupa. Alipo amuna amene amakhala nayo zaka, akulima."

Macheka anaima.

"Mumaichotsa bwanji?"

Pamzere wina mbalame yakuda ndi yoyera inkadumphadumpha pachipale. Nari anaiyang'anitsitsa ngati ndi imene yafunsa.

"Makoswe timawafula."

A Pyo ali mnyamata, asanadzale maapozi, ankaweta nkhumba.

"Ngati nkhumba."

"Ngati nkhumba. Koma anthu amangobayidwa jakisoni."

"Mathero ake ndi omwewo?"

"Ndi omwewo."

"Chabwino," anatero iwo, akulankhula ndi nthambi. "Amayi ako kulibe. Palibe amene akadandaule."

Kunali kozizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa, koma Nari anamva thukuta kumsana. Makutu a bambo ake anali atafiira, ndipo sichinali chisanu. Anaima choncho awiriwo, aliyense ndi mtengo wake.

"Koma sindikudziwa ngati ndi khansa," anatero Nari. "Sindine dokotala wa anthu. Ndi maso okha sindingadziwe ngakhale za khoswe, mpaka ndimuike m'bokosi. Pabalaza paja sindimakuuzani kanthu. Ndinali ndi mantha, mawondo anangopita okha. Mwina ndi zina, zochizika ndi mapilitsi. Koma kuti tidziwe pafunika ndikufunseni zinthu."

"Za khoswe?"

"Za inu."

Sanavomere, sanakane. Nari anaona kuti ngati adikira chilolezo, adikira mpaka maapozi apse. Anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake, osati kumaso, chifukwa zimenezo sakanatha, koma pa batani lapamwamba la chijasi chawo.

"Bambo, mumavutika pokodza?"

Mawuwo anamveka aakulu m'munda wopanda masamba. Moyo wake wonse sanawalankhulepo bambo ake za chilichonse cha kumunsi kwa lamba. Ngakhale tsiku limene anakula, amayi ake ndi amene anamutengera kuchipinda, bambo anapita kukaona mitengo imene inalibe vuto.

"Zimachedwa kuyamba," anatero a Pyo pomaliza. "Zikayamba zimadukaduka. Ukati wamaliza, usanafike n'komwe pachitseko."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chathachi chisanayambe. Mwina kale pang'ono."

"Magazi?"

"Ayi."

"Miyendo imachita dzanzi? Kapena kufooka, ngati si yanu?"

"Ayi. Kupweteka basi. M'kati muno, m'fupa. Ukagona ndiye kumakula." Anagwira m'chiuno, kenako anachotsa dzanja msanga. "Wobaya masingano akuti ndi mphepo."

"Ikadzachita dzanzi, kapena mkodzo ukadzatsekeka, musadzadikire aliyense, ngakhale pa tchuthi. Mudzanene nthawi yomweyo."

"Ndinene kwa ndani?"

"Kwa ine."

A Pyo anapumira m'mwamba. Kumunsi kunyumba kunkamveka Gyutae akuponya timitengo ta masewera a chaka chatsopano pamphasa, ndi kamtsikana kakukuwa kuti bambo ake akubera.

"Mayeso akewo ndi otani?"

"Magazi poyamba. Kenako adokotala amapima ndi chala, monga mwanenera. Sindikunamizani. Akaona chifukwa, ajambula mafupa."

"Chala."

"Ndi kanthawi kochepa."

"Makoswe ako anakuuza choncho?"

Nari anangotsala pang'ono kuseka, koma kusekako kunasanduka china. Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete.

"Zipatala zikatsegula tchuthi chikatha, tipita ku Andong. Sindibwerera ku Daejeon mpaka titapita. Ndiimbira mnzanga andisamalire ntchito."

"Ndipita," anatero a Pyo. "Koma iwe ukatsala panja, pabenchi."

"Ndikalowa."

"Ukatsala panja."

"Mukalowa nokha mukawauza kuti ndi makwerero. Akakupatsani zomata pamsana, mukatuluka mukumwetulira. Ndikalowa, Bambo."

Kwa nthawi yoyamba kuchokera pabalaza paja anamuyang'ana kumaso. Nari anapirira, ngakhale khungu lonse la nkhope linkafuna kuthawa. Anali bambo ake amene anayamba kugwetsa maso. Anapinda macheka, kuwaika m'thumba la chijasi, n'kuyamba kutsika kaphiri, akuponda mosamala pamene chipale chinasungunuka n'kuumanso. Nari anawatsatira chapafupi, osawagwira mkono.

Atayandikira mpanda a Pyo anaima, osatembenuka.

"Ukalowa, ukayang'ane kukhoma."

"Ndikayang'ana kukhoma," anatero Nari.